Gwirani, Kokani, Siyani

Kashopu kathu kali kuseri kwa depoti,
pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wa zitumbuwa.
Pakhomo tinalemba: timataipa, timapulinta,
timajambula za pasipoti.
Fani imazungulira ngati yachita kukakamizidwa.

Lachitatu, dzuwa la Okutobala litapsa mtima,
analowa Abiti Mkwanda
atamanga kanthu pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri.
Anamasula ndi mano.
Kamemore kadi, kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
"Kabwera ndi bokosi," anatero.
"Foni inaphwanyikira ku Joni konko.
Aka anakapeza m'thumba la jekete."

Ndinatsegula mazenera awiri pasikirini:
kumanzere za Ajibu,
kumanja foda yopanda kanthu, ndinaipatsa dzina lake.
Mafayilo makumi anayi ndi imodzi.
Ndikanatha kuwakokolola onse kamodzi,
ndalama m'manja, wotsatira alowe.
Koma anati, "Undionetse. Ndimusamutse ndekha."

"Gwirani mbewayi, mayi."
Anabweza dzanja msangamsanga.
"Ife mbewa sitigwira, mwanawe."
Tinaseka mpaka wowotcherera uja anasuzumira.

Dinani apa. Chala chisachoke.
Kokani pang'onopang'ono
ngati mukuwoloka mlatho wa Shire mtolo uli pamutu.
Mukafika tsidya, siyani.

Chithunzi chinanyamuka, chotuwa, chopepuka:
Ajibu mu ovolosi, atatsamira galimoto ya eni.
Pakati panjira chala chinanjenjemera,
chinasiya.
Zii.

"Ndamutaya?"

Pamwamba panalibe. M'bini munalibe.
Thukuta linatsetsereka kumsana kwanga.
Ndinakamupeza mu foda ya malisiti a simenti
a kontilakita wina wa ku Namwera,
ali phee pakati pa matumba makumi asanu,
akumwetulira.
"Ndi yemweyo," anatero mkazi wake,
"ali moyo ankapezekanso kosayembekezeka."

Kachiwiri anafika. Kachitatu anafika.
Pofika kakhumi anakankha dzanja langa pambali,
milomo ikuyenda yokha:
gwira, koka, siya,
gwira, koka, siya.
Ajibu pa basi. Ajibu ndi anzake atatu m'kachipinda ka malata.
Mbale ya mpunga. Nsapato zatsopano zili m'pepala.
Thambo lokha, mwina foni inajambula mwangozi.
Nalonso analikoka.

Kenako anayandikiza nkhope.
"Nanga bwanji kumanzere akadalipo?
Ndamukoka, koma sanachoke."
Ndinati ndi momwe zimakhalira:
chochokera pakadi chimafika kuno
koma chimatsalanso komwe chinali.

Sanayankhe.
Panja woitanira ankang'amba kummero,
Liwonde, Liwonde, watsala mmodzi!
Ntchentche inatera pasikirini, pamapewa a Ajibu.
Anaiingitsa ndi nsonga ya mpango.

"Zikanakhala choncho ndi anthu,
akanapita ku Joni
n'kutsalanso kwa Mponda."

Fayilo yomaliza sinali chithunzi.
Anali mawu, masekondi khumi ndi anayi.
Ndinagwira sipika. Anapukusa mutu.
"Lero ayi. Ndingomuwolotsa."

Anadina. Anakoka, osanjenjemera. Anasiya.
Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa,
kanafika pakati,
magetsi thi!
Fani inazungulira kawiri n'kugonja.
Makina a wowotcherera nawo anati duu.
Pagalasi lakuda panatsala nkhope zathu ziwiri.

"Wafika?"

Ndikanatha kunama. Ena ndimawanamiza.
Ndinati sindikudziwa, tidzaona akayaka,
koma pakadi alipo ndithu, wathunthu.

Anatambasula dzanja, ndinamupatsa.
Anamanganso pansonga pomwe paja,
ulendo uno mfundo zitatu.
Anawerenga ndalama za mafayilo makumi anayi,
ya imodziyo anati adzalipira akadzamva kuti yafika.

Anatuluka kulowa m'dzuwa, kukafuna kabaza.
Ndinamuona akudutsa pakati pa maminibasi,
dzanja lamanja lili pambali,
chala cholozera chikadali chopindika
ngati sichinauzidwe kuti chisiye.